Kowasiya Amai

Lolemba

Tchuthi chayamba. Sabata imodzi yokha, abwana ku ofesi abwereza kawiri kuti imodzi. Ntchito ya sabatayi: kupeza malo oti Amai azikhala, kumene kuli munthu wowayang'anira tsiku lonse.

Kumudzi ku Mwape sangabwererenso. Mwezi watha anagwa kuseri kwa khola la mbuzi m'mawa, anawapeza ndi azimayi ochokera kumunda dzuwa litapendeka. Maso achita chifunga, miyendo ikukana. Pakamwa pokha ndi pamene pali bwinobwino.

Kuno ku Nyimba sangakhalenso. Chifukwa chake: amuna anga, a Daka.

Sikuti amadana ayi. Ndi chipongozi. Mwana wathu woyamba ali ndi ana akeake awiri, koma Amai sanawayang'anepo a Daka kumaso. Sadyera pamodzi, sakhala m'chipinda chimodzi, sadutsana pakhomo, za chimbudzi chimodzi ndiye musatchule n'komwe. Kumudzi zimatheka, bwalo ndi lalikulu, wina akatulukira uku wina amakhotera uko. Nanga kuno? Zipinda ziwiri, khomo limodzi, chimbudzi chimodzi!

A Daka anaperekapo nkhuku kalekale kuti manyaziwa athe. Amai anailandira kudzera mwa ine, anathokoza, anaidya, n'kupitiriza kubisala.

Chifikireni Amai masiku atatu apitawa:
- a Daka amatsokomola katatu pageti asanalowe
- Amai akamva amadziphimba chitenje kumutu n'kuyang'ana kukhoma
- a Daka akudyera kutsidya kwa msewu, mushopu yawo, pakati pa matayala a njinga
- chimbudzi akupempha kwa aneba, munthu wamkulu ndi imvi zake

Yohane, mlongo wanga wa ku Lusaka, watumiza mawu pa foni: "Asisi, masiku ano kuli nyumba zosungila okalamba, fufuzani chabe." Iye amakhala pansanjika yachitatu, ndiye mbali yake inathera pamasitepe.

Ndafufuza. Malo atatu:
1. Kwa amai Sakala ku Kacholola, namwino wopuma ntchito. Akuti atsegula kumene.
2. Kwa masisitere, kupitirira Petauke pang'ono.
3. Kwa Esinati, mwana wa amai aang'ono, zikavuta.

Pofika Lachisanu Amai akhale atakhazikika. Loweruka kuchapa. Lamulungu kugona, kugona kokhakokha. Ndalemba ndi bolopeni yofiira kuti ndisabwerere m'mbuyo.

Amai ndawauza kuti mawa tikupita kukaona malo abwino. Akuti, akudziloza pachifuwa, "Neo malo nili nawo." Ndachita ngati sindinamve.

Lachiwiri

Minibasi ya ku Kacholola. Kukweza Amai: anthu atatu. Kondakitala akuti, "Agogo, mwendo uyu poyamba." Amai mwendo uli m'malere akumufunsa kuti ndi mwana wa ndani. Asanakhale pampando awadziwa kale agogo ake ndi munda umene ankalima.

Kwa amai Sakala chikwangwani chilipo, chachikulu, penti yatsopano. Pansi pa pentiyo mawu akale akuonekabe: malo ogona alendo.

Zimene ndaona:
- zipinda zisanu ndi chimodzi, zinayi muli oyendetsa mathiraki ("Aja ni apanjila chabe, okalamba akachuluka tizawachotsa")
- okalamba amene alipo: palibe, Amai akhala oyamba
- msewu waukulu uli pamphuno, thiraki ikadutsa makapu amanjenjemera pashelefu
- bedi labwino, neti yosang'ambika, ndowa yokhala ndi chivundikiro
- amai Sakala eni ake, munthu wa manja ofewa, awayeza Amai kuthamanga kwa magazi n'kuwapaka mafuta m'maondo osawauza munthu

Mtima wayamba kukhala pansi. Mathiraki tingawazolowere. Amai nawonso akondwa, apeza zenera loyang'ana kwa ogulitsa nthochi, akunyoza nthochi za eni ake kuti anathyola zosakhwima.

Kenaka akulowa bambo wina ndi thireyi ya tiyi. Amai Sakala akuti ndi amene amaphika, kutunga madzi ndi kunyamula odwala. Agwada, apereka moni mwaulemu. Ine ndikusekerera, osadziwa kuti zatha kale.

Amai: "Nimwe a kwa ndani?"

A Lungu. Anakwatira kuti? Ku Mwape. Mkazi wawo ndi mwana wa ndani? Wa malemu a Tisa.

A Tisa ndi mng'ono wawo wa Amai wa m'nyumba ina. Mkamwini! Thireyi pansi, a Lungu panja chobwerera m'mbuyo, Amai chitenje kumutu, nkhope kukhoma. Tiyi wazizira popanda womwa.

Amai Sakala akuti a Lungu angathe kumasiya chakudya pakhomo n'kugogoda. Chabwino. Nanga akagwa adzawadzutsa ndani? Yankho lachokera m'chitenje: "Nikagwa anileke."

Tabwerera. Nthochi sindinagule n'komwe. Mutu ukugunda. Nambala wani ndafufuta.

A Daka atsokomola pageti katatu, kenaka kachinayi ndi kachisanu, chifuwa chenicheni. Fumbi la mushopu lawalowa. Mankhwala ndawapatsira panja.

Lachitatu

Lero ndekha. Amai ndawasiya ndi amake Joyisi, aneba athu achimbudzi aja. Minibasi mpaka Petauke, kenaka panjinga ya hayala mpaka kwa masisitere. Msana wanga sudzaiwala.

Koma malo! Ndalowa n'kufuna kudzilembetsa ndekha.
- bwalo losesa, mitengo ya mango, mabenchi pamthunzi
- m'chimbudzi muli zitsulo zogwira podzuka
- namwino amabwera kawiri pa sabata
- agogo asanu ndi awiri akusenda mtedza pakhonde, akukangana za nyimbo ya kwaya
- mwamuna pamalo ponsepo ndi mmodzi, mlonda, Mbemba wa kumpoto. Ndafunsa kawiri. Sanakwatire kuno!

Bedi limodzi lilipo, mwini wake anamwalira mwezi watha.

A Sisitere aakulu, aafupi, magalasi pamphuno, atulutsa fomu. Akuti nyumbayi ndi ya amene alibe wowasunga. "Amene ali na ana kapena abale sitiwalandila, amai. Mabedi ni ochepa." Andiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Nanga imwe ni ndani wao?"

Ndakumbuka zitsulo za m'chimbudzi. Ndakumbuka khola la mbuzi. Pakamwa payankha pokha: "Ndine neba chabe, Sisitele. Nimawathandizako."

Alemba. Akuti ndibwere nawo Lachisanu, adzawaone n'kuwafunsa mafunso pang'ono.

Pobwerera ndakhala moyandikana ndi thumba la tinsomba ta kapenta, osamva ndi fungo lomwe. Ine, mayi wa bungwe la azimayi kutchalitchi, wa yunifomu yosita, kunamiza sisitere m'maso muli gwa! Manyazi andigwira. Koma bedi lija ndikulifunabe, ndisanamenso pano.

Yohane pa foni: "Mwachita bwino asisi, ni pepala chabe." Pepala chabe! Iye sanazitchule ndi pakamwa pake.

Kunyumba: Amai akhala masana onse osapita kuchimbudzi poti anamva njinga pageti, ankayesa a Daka. Anali wogulitsa makala. Amake Joyisi akuti mawa ali ndi ulendo. Sananene kuti wa kuti.

Lachinayi

Ndisanamalize tchimo langa, ndayamba ndayesa nambala fili. Foni kwa Esinati. Waseka mpaka kutsamwa. Pabwalo pawo pali amuna ake, ndi amuna a ang'ono ake awiri, onse anamanga pomwepo. Akamwini atatu, chitsime chimodzi. "Mufuna aziyenda na chitenje kumutu mpaka agwele m'chitsime?" Ndafufuta.

Cha m'ma teni, ngozi. A Daka aiwala sipanala, alowa mothamanga osatsokomola. Amai akutuluka ndi ndodo. Pakhomo penipeni! A Daka atembenuka n'kuomba mphumi pafelemu. Amai abwerera chammbuyo mpaka kukhala m'beseni la zovala. Palibe wavulala kwenikweni. A Daka ali ndi chotupa, akupepesa akuyang'ana mtengo wa papaya. Amai akupepesa akuyang'ana kabati. Ine ndili pakati, kunyamula mapepeso uku n'kupereka uko.

Basi. Sukulu iyambe.

Pamphasa, kuseri kwa nyumba. Ine mphunzitsi, Amai ophunzira.

Funso: Muli ndi ana? Yankho loyenera: Ndilibe.

Mayankho a Amai:
- "Asanu na mmodzi, anayi ali kumanda."
- "Nanga Yohane tamupha liti?"
- "A kumanda naonso niwakane?"
- "Sisitele uyo ni mwana wa ndani?"

Ndafotokoza bwinobwino, kawiri. Za bedi, za namwino, za zitsulo. Kuti ndizipita Loweruka lililonse ndi sopo ndi shuga. Kuti ndi mawu chabe, Mulungu amadziwa zoona zake.

"Lomba iwe niwe ndani?"

Ndati neba.

"Neba." Abwereza ngati akulawa mankhwala. Kenaka ayamba kusalaza mphasa ndi dzanja. Ndimayembekeza kuti akalipa, mayankho ndinawakonza kale m'mutu. Sanakalipe. Angofunsa ngati a Daka adzayambenso kudyera m'nyumba iwo akapita. Ndati inde.

"Basi funsa futi."

Ndafunsanso. "Niliye mwana. Niliye m'bale. Awa ni aneba." Osaphonya, katatu konse.

Ndapambana. Ndapita kukhitchini kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Lachisanu

Tanyamuka m'mawa. Chitenje chatsopano, mpango woyera kumutu, ndodo. Njira yonse Amai akunong'ona phunziro lawo. Kondakitala wa lero sanamufunse n'komwe kwawo.

A Sisitere atilandirira pakhonde. Mafunso ayamba. Dzina, mudzi, matenda. Ana? "Niliye." Abale? "Paliye." A Sisitere akulemba. Ine ndikuwerenga nyerere pansi.

Zikuyenda!

Kenaka agogo ena oonda, kolona m'khosi, asendera pafupi kudzapereka moni. Dzina lawo a Velonika. A Sisitere akuti anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, anzawo atabwerera iwo anatsala, abale anatayana nawo panjira. Moni wayenda bwino. Ndikupemphera kuti zithere pomwepo.

Amai apirira. Ndawaona akumeza mate. Apirira mpaka a Sisitere atembenuza pepala.

"Atate anu anali a kwa ndani?"

Mayo ine.

A Mwanza. A Mwanza ati? A kutsidya kwa malire. Osula makasu, oduka chala? Eya, omwewo. Amene anakwatira mkazi wa kuno dzina lake Malita? A Velonika agwira pakamwa. Malita ndi amai awo, anamwalira iwo ali aang'ono, ankangodziwa dzina lokha. Malita yemweyo ndi amai aang'ono a Amai, anakwatiwa kutsidya osabweranso!

Kuchokera apo palibe wowaimitsa. Mayina akutayika ngati nyemba m'thumba lobooka. Amalume, azakhali, amene anagwidwa ndi ng'ona ku Luangwa, amene anapita kumigodi, amene ali ndi chigayo ku Nyimba. A Velonika akulira, agwira dzanja la Amai ndi manja onse awiri. "Zaka zonsezi palibe ananiitanapo m'bale." Amai: "Niwe mng'ono wanga iwe, leka kulila." Mayi wophika watuluka kukhitchini kudzaonerera, posakhalitsa nayenso wapezeka mdzukulu. Mlonda yekha ndiye wapulumuka.

A Sisitere asiya kulemba kalekale. Avula magalasi. Aloza ine.

"Nanga awa, agogo?"

Amai atembenuka. Andiyang'ana ndi maso awo achifunga.

"Awa ni aneba chabe. Amanithandizako."

Khonde lonse abale awo, amoyo ndi akufa omwe. Mlendo ine ndekha. Ndipo anena bwinobwino, monga ndinawaphunzitsira.

Sindikudziwa kuti ndaimirira bwanji. Ndangomva mawu anga, okweza ngati ndili pamsika: "Ni amai anga! Ananibala ni awa!" Nkhuku zabalalika. Ndalira pamaso pa anthu, mamina ndi misozi, chikwama chagwera m'lichero la mtedza.

A Sisitere sanakalipe. Bola akanakalipa. Atseka fomu, akuti anadziwa titangolowa pageti, mphumi zathu n'chimodzimodzi. Bedi lipita kwa wina amene akudikira. Atipatsa tiyi ndi mabanzi.

M'minibasi Amai: "Neo nayankha bwino. Walakwitsa niwe."

Inde Amai.

Loweruka

Kuchapa kwachitika. Pa pulani yonse chatheka ndi chokhachi.

Yohane: "Asisi, mwaononga mwayi." Ndamuyankha kuti abwere adzawabereke mpaka pansanjika yachitatu. Foni yaduka. Akuti netiweki.

A Daka ndakawauzira kushopu, zonse, ndi za uneba zomwe. Amvetsera akupopa tayala. Asisita chotupa chawo. Masana abwera ndi katundu:
- belu la njinga, alimangirira pandodo ya Amai (ndodo yapita kudzera mwa ine, yabwerera kudzera mwa ine)
- galasi la njinga, alikhomera pamtengo wa papaya kuti aziona khomo asanafike
- piki ndi fosholo, ayamba kukumba chimbudzi chachiwiri kuseri

Lamulo latsopano: Amai akafuna kutuluka, belu kawiri. Polowa, kamodzi. Akagwa aziliza osaleka, kushopu limamveka, a Daka adzabwera atatsinzina. Amai abweza yankho kudzera mwa ine: akagwa, a Daka akaitane amake Joyisi, iwo adikira. Amake Joyisi sanafunsidwe.

Belu alikonda, mwina mopitirira. Lalira pofuna madzi. Lalira pothamangitsa nkhuku. Lalira poyesa ngati likuliranso. A Daka atuluka m'dzenje kasanu ndi kawiri kukaima kuseri kwa papaya, dothi mpaka m'makutu.

Cha m'ma folo a Sisitere aimba. Mtima phaa, ndimati mwina bedi. Ayi. A Velonika sakudya, akufuna kudzaona abale awo. Kodi tingawalandire masiku awiri kapena atatu? Ndikanati chiyani? Ndi amai anga aang'ono tsopano. Ndipo kwa a Daka ndi apongozi ena!

Ndinapita kukasiya nkhalamba imodzi, ine.

A Daka ndawauza ali m'dzenje. Atsamira fosholo, aganiza pang'ono. Afunsa ngati nawonso ali ndi ndodo, kuti abweretse belu lina.

Lamulungu

Chandidzutsa ndi belu, tambala asanamalize. Akuti amafuna kudziwa ngati kwacha.

Kutchalitchi ndapita, yunifomu ndaisiya m'sutikesi, ndakhala benchi ya kumbuyo. Ulaliki sindinaumve. Ndimawerengera za mawa:
- ofesi, eyiti koloko
- m'mawa: amake Joyisi, ngati ulendo wawo watha
- masana: belu
- madzulo: ine
- Lachiwiri: a Velonika, ndipo kogona sindinaganize

Ndikudziwa kuti sizikukwanira. Tsiku lina adzagwa ine ndili ku ofesi, ndidzamvera pa foni. Ndatopa mpaka m'mafupa. Njira ina ndilibe, ndipo sindikufunanso kuifufuza.

Pobwera ndawapeza Amai pakhonde. Asamba okha, mpango kumutu, nsapato kuphazi. Pambali pawo kamtolo: zitenje ziwiri, bulangeti, mankhwala, kapu yawo, zonse zomanga mfundo yolimba.

"Lelo tikayesa kuti?"

Ndati kulibe. Malo atha. Mukhala konkuno.

"Na apongozi?"

Ndaloza kuseri kumene kukumveka piki.

"Mpaka liti?"

Ndati mpaka basi.

Agwedeza mutu. "Chabwino." Ndawerama kuti ndimasule mtolo. Aikapo dzanja pamwamba.

"Usiye tele. Ungasinthe nzelu. Manja anga samanga bwino masiku ano."

Ndausiya. Uli pansi pa bedi lawo, womanga. Tiyi amwera m'kapu yanga.